Kodi h-index ya pulofesa wogonetsa odwala ikutiuza chiyani?

Ndalandira imelo kuchokera kwa dokotala wachinyamata amene akufuna kuzama pa ntchito yogonetsa odwala pa opaleshoni. Wapeza pulofesa woti amuyang'anire pa kafukufuku, ndipo pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa zolemba za ofufuza, waona kuti ali ndi mapepala a kafukufuku 140 ndi h-index ya 28. Akufunsa kuti: "Kodi manambalawa akutanthauza kuti bambowa ndi katswiri weniweni? Ndipite kwa iwo?"

Adokotala, zikomo polemba. Tiyambe ndi h-index yomweyo, poti ambiri amangoitchula osadziwa mawerengedwe ake. Anaiyambitsa Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku University of California, San Diego, mu 2005. H-index ya 28 ikutanthauza kuti apulofesawo ali ndi mapepala 28 amene lililonse latchulidwa m'mapepala ena kosachepera ka 28. Ndi zokhazo basi. Za mapepala 112 otsalawo imangokuuzani kuti palibe limene latchulidwa kopitirira ka 28. Komanso imakwera ndi zaka za munthu pa ntchito, ndiye mkulu amene wakhala akulemba kwa zaka 30 amaposa wachinyamata waluso mosavuta. Mukayang'ana pa Scopus kapena Web of Science, masamba enanso owerengera zomwezi, mupeza nambala yotsikirapo, chifukwa Google Scholar imatola paliponse. Ndipo musawayerekeze ndi ofufuza za khansa: kumeneko ofufuza ndi ochuluka, otchulana nawonso ndi ochuluka.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china. Nambala imawerenga kuti pepala latchulidwa kangati, siyiona ngati zolembedwamo n'zoona. Ndipo gawo lanu lomweli lapsa kale ndi moto umenewu.

Yoshitaka Fujii, dokotala wogonetsa odwala wa ku Japan, ankatulutsa mapepala ngati mvula, makamaka onena za mankhwala oletsa mseru ndi kusanza munthu akatsitsimuka ku opaleshoni. Mu 2012, John Carlisle, dokotala wa ntchito yomweyi ku England, anafalitsa m'magazini ya Anaesthesia zimene anapeza ataunika kafukufuku 168 wa Fujii. Sanafunse mboni aliyense. Anangotenga manambala monga a zaka ndi kulemera kwa odwala m'magulu amene ankayerekezedwa, n'kuwerengera ngati anthu enieni ogawidwa mwachisawawa angatuluke chonchi. Sizikanatheka. Chaka chomwecho bungwe la madokotala ogonetsa odwala ku Japan linanena kuti mapepala ake 172 anali opeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani ya Joachim Boldt wa ku Germany ndiye imapweteka kwambiri, chifukwa inafika pa bedi la wodwala. Iye ankalemba zoyamikira hydroxyethyl starch, madzi a mu diripi owonjezera kuchuluka kwa magazi m'mitsempha, ndipo anzake ankamutchula kwambiri. Anachotsedwa ntchito ku chipatala cha ku Ludwigshafen mu 2010. Mu 2013 ofufuza ena analemba m'magazini ya JAMA kuti atachotsa kafukufuku wa Boldt pa mulu wa zonse, zotsalazo zinaonetsa kuti madziwo ankawonjezera imfa ndi kuwonongeka kwa impso mwa odwala mwakayakaya. Taganizani, zaka zonsezo manambala ake anali okongola.

Mbali inayo, pali ntchito zimene manambala sangazikwanitse. Virginia Apgar, amenenso anali dokotala wogonetsa odwala, anafalitsa mu 1953 njira yake yopimira khanda likangobadwa. Pepalalo amalitchula ndithu, koma azamba amene amagwiritsa ntchito njirayo tsiku lililonse padziko lonse palibe kompyuta imene imawawerenga.

Ndiye mutani? Ine ndikanakhala inu ndikanatsegula mapepala awo asanu otchulidwa kwambiri n'kuwawerenga mofatsa. Onani pamene dzina lawo lili. Pa zachipatala, woyamba nthawi zambiri ndi amene anagwira ntchito yaikulu, womaliza ndi woyang'anira. Dzina lobisika pakati pa mayina 60 pa kafukufuku wa zipatala zambiri limakweza h-index ngakhale mwiniwake anangotumiza mafomu a odwala ochepa. Onaninso amene akuwatchula, ngati si iwo eni ndi anzawo a m'dipatimenti yomweyo. Lembani dzina lawo pa Retraction Watch, kumene amasunga mndandanda wa mapepala amene magazini anawachotsa atawafalitsa kale. Mphindi ziwiri zakwana.

Koma poti inu mukufuna woyang'anira, funso lalikulu silili pa Google Scholar n'komwe. Pezani ophunzira awo akale awiri kapena atatu. Afunseni ngati anamaliza pa nthawi yake, ngati dzina lawo linakhala loyamba pa mapepala amene anakhetsera thukuta, ndiponso ngati apulofesawo ankafuna kuona mafayilo enieni a odwala asanavomereze kuti pepala litumizidwe.