Benz yosamalidwa bwino, ipite ku okishoni kodi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Area 47 amene apuma pantchito chaka chino. Inali yaitali, ndiye ndadula zina, koma mtima wake ndi uwu: "Ndili ndi Mercedes-Benz E250 ya 2013 imene ndinaitanitsa ku Japan mu 2017. Yayenda makilomita 92,000 okha. Sinachitepo ngozi, imagona m'galaja, sevisi sindidumphitsa ndipo malisiti onse ndinasunga. Ndikusamukira kumudzi kupitirira Mitundu, ndipo msewu wolowera kwathu galimoto iyi singathe. Mwana wanga akuti ndikaisiye ku okishoni kuti ndisavutane ndi madobadoba. Kodi kumeneko ikapeza mtengo woyenera?"

Zikomo bambo polemba. Mwana wanu sakunama, okishoni imachotsadi chintchito. Galimoto mumakaisiya, tsiku limafika, nyundo imagunda, ndalama imalowa ku banki. Palibe woimba foni usiku kufunsa "last price", palibe wobwera ndi anzake atatu kudzaiyesa mpaka ku Kanengo kenako n'kunena kuti akaganize kaye. Koma funso lanu ndi la mtengo woyenera, ndipo pamenepo ndiyenera kukuuzani chilungamo. Chimene galimoto yanu ikuposera zinzake ndi chisamaliro cha zaka zonsezi, ndipo ku okishoni chisamaliro ndi chinthu chovuta kuoneka kuposa china chilichonse.

Ganizirani amene amadzaza mipando tsiku la malonda. Ambiri si anthu ofuna galimoto yoti aziyendera okha. Ndi anyamata a bizinesi ya magalimoto, aja mumawaona atandandalika Vitz, Passo, Sienta ndi Mira m'mbali mwa misewu ya mu tauni muno. Iwo amagula kuti akagulitse. Akamaiyang'ana Benz yanu m'mutu mwawo mukuyenda masamu atatu: ndikaigulitsa zingati, ikhala miyezi ingati pa yadi isanapeze mwini, ndipo ikandidabwitsa ndi vuto lobisika ndidzaonongapo zingati. Masamu achitatuwa ndi amene amakupwetekani. Ku okishoni galimoto imagulitsidwa mmene ilili. Ikakafera pa interchange ya Area 18 patangotha ola limodzi, wogula alibe kokadandaula. Ndiye aliyense amachotseratu pa mtengo ndalama ya tsoka limene lingamugwere. Pa Sienta ndalama imeneyo ndi yochepa, chifukwa sipeya ali mbwee ku Biwi ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa. Pa Benz amachotsa zambiri. Amaopa giyabokosi ya 7G-Tronic, amaopa masensa, amaopa nyali imodzi yakutsogolo imene kuitanitsa kwake kumafuna madola, pamene madolawo m'mabanki mulibe. Kwa iwo Benz iliyonse yonyezimira ndi chikomekome cha mkuyu mpaka itaonetsa kuti mkati mulibe nyerere.

Ndinapitako tsiku lina loonera magalimoto pa okishoni ina mumzinda muno, ndipo panali saluni yakuda yokongola kwambiri, mipando yachikopa yopanda ndi mng'alu umodzi. Mwini wake anaibweretsa masabata atatu malonda asanachitike, ikungokhala padzuwa. Fumbi linali litaikuta, mbalame zitaidetsa pagalasi, tayala lakumbuyo litaphwa pang'ono. Mnyamata wa pamalopo atabwera ndi kiyi, galimoto inangoti kete kete, batire latha. Anaikokera mawaya kuchokera ku Hilux ya pafupi, inalira bwinobwino, koma pa dashibodi panayaka timagetsi tachikasu tinayi, monga zimachitira galimoto za ku Germany batire likafooka. Bambo wina wovala jekete lachikopa anasolola dipisitiki, ananunkhiza, anagwada n'kusuzumira kunsi, kenako anadzuka akupukuta maondo n'kuuza mnzake mokweza kuti aliyense amve: "Iyi ili ndi ma computer problem, isiyeni." Mawa lake anaigula yekha, pa mtengo umene ndikukhulupirira kuti mwini wake sanagone nawo tulo. Galimotoyo inalibe vuto lina kupatula batire.

Ndiye musanasankhe kopita nayo, yambani mwadziwa mtengo wake weniweni. Musawerengere zimene munalipira mu 2017, chifukwa kwacha ya nthawi imeneyo ndi ya lero n'zosiyana ngati usiku ndi usana. Inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Funso loyenera ndi lakuti munthu wofuna E250 ya 2013 lero angaononge zingati kuti ifike pakhomo pake. Lowani pa Be Forward kapena SBT Japan, mawebusaiti ogulitsa magalimoto ochokera ku Japan, onani mtengo wa yofanana nayo mpaka pa doko la Dar es Salaam, onjezani yoyendetsera kudzera pa Songwe, onjezaninso msonkho wa MRA, umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Chiwerengero chimenecho ndiye denga. Yanu igwera pansi pa dengalo chifukwa yayenda m'misewu yathu zaka zingapo, koma isagwe kutali, pakuti wogula sadikira sitima, sasaka madola, ndipo akuiona ndi maso. Kenako onani m'magulu a Facebook ogulitsirana magalimoto kuti zinzake akuzitchula zingati. Kumbukirani kuti mtengo wolembedwa pa Facebook ndi wa pakamwa, wogulitsira umakhala wotsikirapo.

Mukapeza chiwerengero, ine malangizo anga ndi akuti ipatseni mwezi umodzi kunja kwa okishoni. Galimoto ngati yanu wogula wake alipo mu Lilongwe, koma ndi mmodzi kapena awiri, si khamu. Ndi loya, dokotala, bwana wa bungwe, m'busa wa mpingo waukulu, munthu wokhala ku Area 10 kapena 43 amene ulendo wake ndi wa pa tala kupita ku City Centre n'kubwerera. Munthu wotere sakhala pa benchi la okishoni Lachitatu m'mawa, ali kuntchito. Ndipo ndi yekhayo amene angakhale pansi pakhonde panu n'kutsegula fayilo ya malisiti tsamba ndi tsamba, n'kuona kuti mafuta a giyabokosi munasinthadi, n'kulipira chifukwa cha zimenezo. Njira yomupezera yachidule ndi makaniko amene amakukonzerani. Amakanika a Benz mumzinda muno ndi owerengeka, ndipo amadziwa kasitomala amene yake yatopa ndipo akusaka ina. Muuzeni, mulonjezeni kangachepe ikagulidwa. Uzaninso anzanu akuntchito kumene mwapumako ndi a kutchalitchi. Madobadoba mukhoza kuwapewa pongokana kupereka kiyi kwa munthu amene sakugula yekha.

Koma mwina mwezi mulibe, mwina nyumba ya ku Area 47 mukuipereka kwa eni ake kumapeto kwa mwezi uno ndipo malata a kumudzi akudikira ndalama yomweyi. Pamenepo okishoni ndi njira yabwino ndithu, bola mupiteko maso ali tcheru.

Chachikulu pa zonse ndi chimene amati reserve price, mtengo umene galimoto singagulitsidwe pansi pake. Ulembedwe pa pepala la mgwirizano, musaine nonse awiri, kope imodzi mutenge. Za pakamwa ayi. Ine ndinapsapo zaka zapitazo ndi kagalimoto kanga kakang'ono. Ndinauza wa pa kauntala mtengo wanga, iye anati "musadandaule bwana, tikudziwa", ine n'kunyamuka. Itagulitsidwa motchipa ndinabwerera ndi ukali, anangonditulutsira fomu imene ndinasaina ndekha, bokosi la reserve lili mbee. Panalibe woti ndimuloze chala. Pa reserve pomwepa musakwezenso mopitirira, chifukwa ikalephera kugulidwa ogula onse aja aiona, ndipo ikadzabweranso ulendo wachiwiri amati ija inakanika ija, n'kuyamba kutchula mitengo yachipongwe. Ikani ndalama imene mungailandire osadandaula, osati imene mumalota.

Funsaninso za ndalama zodulidwa musanasiye kiyi. Komishoni yawo ndi zingati pa 100 iliyonse, VAT ikulowa pa komishoniyo kapena ayi, pali ndalama yolembetsera, yolengezera, yosungira galimoto ikapanda kugulidwa? Wogula nayenso amalipira yake pamwamba pa mtengo wa nyundo? Limeneli ndi lofunika kulidziwa ngakhale silituluka m'thumba mwanu, pakuti wogula amene akudziwa kuti awonjezerapo amasiyira panjira kukweza dzanja. Tiyerekeze chabe kuti nyundo yagunda pa K30 miliyoni ndipo komishoni ndi 10 pa 100. K3 miliyoni yapita pomwepo, zina zing'onozing'ono zisanachotsedwe. Ndiye reserve yanu iwerengedwe kuchokera pa ndalama yofika m'manja mwanu, kubwerera m'mbuyo. Ndipo alembe masiku amene adzakulipireni wogula akamaliza kupereka, komanso chimene chimachitika wopambana akathawa osalipira, poti zimachitika.

Si okishoni iliyonse yoyenera galimoto yanu. Kumene akugulitsa zolandidwa ndi mabanki, zochita ngozi za makampani a inshuwalansi, ndi mafiriji akufa pamodzi, anthu amabwera ndi mtima wotola. Benz yanu ikaima pakati pa zophwanyika nayonso imaoneka ngati ili ndi mlandu. Funsani tsiku limene akugulitsa magalimoto a ofesi za akazembe kapena mabungwe akunja. Masiku amenewo kumabwera anthu a ndalama zawo amene amakhulupirira kuti katundu wa tsikulo ndi wosamalidwa, ndipo yanu imapindula ndi mbiri ya zinzake. Pitani kaye ku okishoni imodzi ngati woonerera, muone unyinji wa anthu ndi mmene wogulitsayo amaitanira mitengo. Mukaona ogula asanu okhaokha akunong'onezana kumbuyo ndi kusinthana kukweza manja, dziwani kuti agawana kale katunduyo.

Nyengo nayonso ili ndi mawu. January ndi February ndi miyezi ya fizi, feteleza ndi njala, palibe amene akuganiza za Benz. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu April ndalama imayamba kuyenda mumzinda. Zoona, mlimi wa fodya amafuna pikapu kapena lole yaing'ono, koma amene amamugulitsa mlimiyo zinthu ndi amene amafuna saluni. Ndipo sabata imene mizere ya mafuta yafika pokhotakhota m'mafilingi sitesheni si sabata yogulitsa galimoto ya petulo ya mtundu uwu. Ngati n'kotheka dikirani mizere ithe.

Tsopano ntchito yanu yeniyeni, yoonetsa chisamaliro chija. Galimoto muipititse mochedwa mmene angalolere, tsiku limodzi kapena awiri lisanafike tsiku loonera. Batire likhale lamphamvu, ngati lakalamba gulani latsopano, ndalama yake idzabwerera kakhumi. Tsiku loonera mukhalepo nokha, kapena mwana wanu uja, ndi kansalu kopukutira m'manja. Jambulani malisiti onse, muwaike mu fayilo pa mpando wakutsogolo, enieniwo musunge kunyumba. Pitani nayo kwa makaniko aiike pa kompyuta sabata yomweyo, pepala la zotsatira mulimate pagalasi kuti wa jekete lachikopa uja asowe ponamizira. Makiyi onse awiri aonekere, chifukwa wodziwa Benz amadziwa kuti kiyi wachiwiri ndi wodula ndipo sadulitsa pa msika. Tayala la sipeya, jeke, buku la galimoto la ku fakitale, zonse zikhale m'malo mwake. Injini musaitsuke mpaka kunyezimira, ogula amaganiza kuti mukubisa podontha oilo. Timikwingwirima tating'ono ta pabampa tisiyeni, penti yatsopano imabweretsa mafunso a ngozi imene sinachitike.

Mapepala ndi osavuta ngati ali m'dzina lanu. Blue book, COF yosatha, inshuwalansi, ndi mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipidwa polowa. Simunanene ngati munailowetsa mwaulere wa msonkho chifukwa cha udindo wanu kuntchito. Ngati zinali choncho, yambirani ku MRA musanaitsatse kulikonse, chifukwa galimoto yotere sisintha mwini nkhani ya msonkho isanakonzedwe. Ikagulidwa, musalole kuti ichoke ikuyendabe m'dzina lanu miyezi ndi miyezi. Chiyambireni dongosolo latsopano la pa kompyuta la MalTIS mu 2015 zonse ku Road Traffic zimamangirira pa munthu amene analembetsa, ndiye ikakagunda munthu ku Mponela kapena kukagwidwa ndi katundu wolakwika pa Dedza, foni yoyamba idzalira ndi yanu muli phee kumunda. Gwirizanani ndi a okishoni kuti kusintha umwini kuchitike inu musanasamuke, ndipo sungani kope ya chilichonse.

Pa imelo yanu munatchulanso kuti mayi akunyumba sakufuna kuti igulitsidwe, akuti ingoikidwa m'shedi kumudzi ya maulendo a ukwati ndi maliro. Apepeseni m'malo mwanga. Galimoto iyi ikakhala miyezi itatu osayenda batire limafa, matayala amaphwa mbali imodzi, ndipo makoswe a m'nkhokwe amakonda mawaya a Benz ngati mtedza. Muwatengere ku Salima ulendo umodzi womaliza, akadye chambo, mubwerere dzuwa lisanalowe chifukwa cha maenje a mumsewu umenewo, kenako Lolemba muimbire makaniko wanu uja.