Bezi yathawa, mawu akung'ambika: kodi ndigule sabuwufa?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa owerenga ena a ku Area 25 ku Lilongwe. Ndaidula pang'ono, koma mutu wake ndi uwu: "Ndili ndi hi-fi ya masipika awiri yomwe inkalira bwino kunyumba yakale. Chisamukireni, mawu ake apepuka, bezi palibe, ndipo ndikakweza voliyumu akumveka ngati akung'ambika. Ndikailumikiza ku TV imang'ung'uza. Mnzanga akuti ndingogula sabuwufa ya 3,000 watts. Nditani?"

Achimwene, ndalamayo iyambe yakhala m'thumba. Mwatchula matenda atatu osiyana, ndipo sabuwufa, sipika yapadera yotulutsa mawu otsika okha, omwe ndi bezi, ingangophimba amodzi, ena awiriwo n'kutsala pomwepo. Chimene chandikopa m'kalata yanu ndi mawu oti "chisamukireni". Wailesi siikalamba tsiku limodzi pa lole. Zimene zimasintha posamuka ndi mawaya, amene munawazula n'kuwalumikizanso, komanso chipinda.

Tiyambe ndi mawaya, chifukwa ndikukayikira kwambiri kuti bezi yanu yathawira kumeneko. Kuseri kwa sipika iliyonse kuli polowetsa waya pawiri, pofiira ndi pakuda, ndipo kuseri kwa ampu, gawo la hi-fi lomwe limapatsa masipika mphamvu, kulinso chimodzimodzi. Pofiira pa ampu payenera kupita pofiira pa sipika. Mukasemphanitsa pa sipika imodzi, palibe chimapsa, nyimbo imalirabe, n'chifukwa chake anthu ambiri sazindikira. Koma bezi imabadwa pamene chimbale cha sipika chikukankha mpweya, ndipo masipika awiriwo ayenera kukankha nthawi imodzi. Waya ukasemphana, ina ikamakankha inzake imakoka. Zili ngati anthu awiri akukankha galimoto yothima, wina ali kumbuyo wina kutsogolo: thukuta lilipo koma galimoto sikusuntha. Mawu otsika amafafanizana, ndipo woyimba, m'malo momveka pakati pa masipika, amangoyandama osadziwika komwe ali.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani masipika moyang'anizana, atatsala pang'ono kugundana, n'kuika nyimbo ya bezi yambiri. Mvetserani, zimitsani, sinthanitsani mawaya a sipika imodzi yokha, yatsaninso. Pomwe bezi yalemera ndi pomwe pali polondola. Ngati mawaya anu ndi aja ofanana mbali zonse, zulani waya ku ampu, gundizani nsonga zake ku batire wamba wa 1.5 volts kwa kamphindi kochepa. Chimbale chikatulukira kunja, nsonga yomwe ili kumutu kwa batire ndiyo ya pofiira, imangeni kachingwe. Muli komweko, onetsetsani kuti palibe katsitsi ka kopa komwe kakukhudza nsonga inzake, chifukwa ameneyo ndiye amaotcha ampu. Nsonga zakuda kapena zobiriwira ndi dzimbiri muzidule, musende zatsopano.

Chipinda nachonso chimaimba nawo. Nyumba zathu zambiri ndi za pansi pa simenti kapena matailosi, makoma osalala, mwinanso malata opanda siling'i. Imani pakati pa balaza, ombani m'manja kamodzi. Mukamva kulira kotsalira, dziwani kuti nyimbo iliyonse ikuchita zomwezo. Makatani olemera, kapeti kapena mphasa pakati pa inu ndi masipika, ndiponso mipando ya sofa, zimameza phokoso lobwererali. Masipika musawatsekere mu kabati ya magalasi pamodzi ndi matambula a alendo. Kunjenjemera kumene ena amati ndi sipika yong'ambika nthawi zambiri kumakhala kwa magalasi. Atalikirane pafupifupi mamita 2, inunso mukhale mamita 2 kuchoka pa iliyonse, timasipika ting'onoting'ono ta pamwamba tija, matwita, tili pa mulingo wa makutu anu mutakhala pansi. Sipika ikayandikira khoma bezi imachuluka, pakona ndiye imachita kufufuma mpaka kusokoneza mawu a woyimba. Ngati ili ndi bowo kumbuyo, isiyireni mpata wa masentimita 20 kapena 30. Ndipo yesani kusuntha mpando wanu: pakati penipeni pa chipinda ndi pomwe bezi imakonda kuchepa.

Tsopano za kung'ambika, ndi za 3,000 watts za mnzanu uja. Pafupi ndi nambala ikuluikulu ija pa katoni pamakhala timalemba ta PMPO. Muyeso umenewu ulibe lamulo lenileni, wopanga aliyense amalemba zomwe wafuna. Nambala yomwe ili ndi tanthauzo ndi ya RMS, yosonyeza mphamvu yomwe ampu imatulutsa mosalekeza. Ngati sinalembedwe, tembenuzani chidacho muwerenge kachikwangwani kosonyeza magetsi omwe chimadya. Chida chodya 60 watts kukhoma sichingapereke 3,000 watts ku masipika. Komanso mawatsi sagwira ntchito monga momwe timaganizira: mukawirikiza mphamvu kawiri, mawu amangokwera ndi ma decibel 3 (muyeso wa kukula kwa mawu), pang'ono chabe, ndipo kuti khutu limve kuti phokoso lawirikiza pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi.

Ampu ikapemphedwa zoposa mphamvu zake imadula nsonga za mafunde a mawu, ndiye kung'ambika mukumvako. Kukapitirira kumaotcha matwita. Ndikuganiza kuti bezi itasowa munakweza kabatani ka bezi mpaka kumapeto, mwinanso n'kudina kabatani kena kowonjezera bezi. Aliyense amatero. Koma kukweza bezi ndi ma decibel 6 kumafuna mphamvu yowirikiza kanayi, choncho ampu imatopa voliyumu isanafike patali. Bwezerani bezi ndi trebo (mawu okwera) pakati, zimitsani zokometsera zonse, ndipo mukakonza mawaya mudzapeza kuti simukuzifunanso kwenikweni. Ngati munawonjezera masipika ena pamawaya omwewo, achotseni kaye: awiri a 8 ohms (muyeso wa momwe sipika imapingira magetsi) mukawamangirira pamodzi amasanduka 4 ohms, ndipo ampu yosapangidwira zimenezo imatentha n'kumadzizimitsa.

Musaiwale nyimbo zenizenizo. CD imanyamula 1,411 kbps (muyeso wa kuchuluka kwa deta ya nyimbo pa sekondi), MP3 yabwino 320, yapakatikati 128. Zambiri zomwe timakabenetsa pa fulashi zinachotsedwa mu vidiyo yomwe yadutsa pa WhatsApp kangapo, ndipo zomwe zinatayika m'njira palibe sipika ingazibweze. Yesani CD yeniyeni, kapena tsegulani Zodiak kapena MBC pa FM pomwe ikugwira bwino. Zikamveka bwino, vuto lili pa fulashi. Mukamagwiritsa foni ndi waya wa AUX, itsitseni pang'ono isafike kumapeto, muzikwezera pa hi-fi.

Kung'ung'uza ndi nkhani ya magetsi. Magetsi athu ndi a 230 volts pa 50 Hz, ndipo kulira kwa "mmmm" kuja ndi magetsiwo akulowerera mu njira ya mawu. Zimachitika kawirikawiri zida ziwiri zolumikizana zikakhala kuti zikufika kunthaka kudzera njira zosiyana, makamaka pakakhala dikoda yokhala ndi waya wochokera ku dishi. Zulani zonse kuseri kwa hi-fi, kutsale masipika okha, kenako bwezerani chimodzichimodzi mpaka wolakwa adziulule. Akakhala TV kapena dikoda, zilumikizeni pa ekisitenshoni imodzi ndi hi-fi, sinthani waya wa RCA, wa nsonga yofiira ndi yoyera uja, ngati watha, ndipo usayende mokumbatirana ndi mawaya a magetsi. Zida zonse zikakhala ndi polowetsa waya wa optical gwiritsani umenewo, chifukwa umayendetsa kuwala, osati magetsi. Apo ayi, kachida kotchedwa ground loop isolator kamathetsa vutoli. Wina akakuuzani kuti muthyole mwendo wachitatu wa pulagi, mukaneni. Mwendo umenewo ndi woteteza moyo wanu. Matchaja otchipa a foni amang'ung'uzitsanso wailesi, chimodzimodzi mainveta a sola a modified sine wave.

Kwa okonza mawailesi mupite pokhapokha mutaona izi. Sinthanitsani masipika, ya kumanja ipite kumanzere. Vuto likatsata sipika, yadwala ndi sipikayo. Kankhani chimbale chake pang'onopang'ono ndi zala mofanana mbali zonse, mukamva kukwecha ndiye kuti koyilo ya mkati mwa sipika yapsa kapena yapindika. Onaninso mkombero wofewa wozungulira chimbalecho, umafumbutuka ukakalamba, koma umasinthidwa osagula sipika ina. Vuto likatsala mbali yomweyo, ndi ampu. Kuthetheka potembenuza voliyumu kawirikawiri ndi fumbi chabe, mankhwala opopera a contact cleaner amachotsa. Koma ikamang'ung'uza popanda cholumikizidwa chilichonse, kawirikawiri ndi ma capacitor, tizida tosunga magetsi mkati mwa ampu, atopa, ndipo musatsegule nokha chifukwa amasunga moto ngakhale mutazula pulagi.

Mukachita zonsezi bezi n'kukhalabe yosakukwanirani, pamenepo sabuwufa ili ndi malo ake. Sankhani yokhala ndi ampu yakeyake, funsani nambala ya RMS, onani ngati hi-fi yanu ili ndi potulutsira mawu opita ku sabuwufa, ndipo popita kusitolo mutenge nyimbo zanu zomwe mumazidziwa bwino, muziyesere pa voliyumu yomwe mumamvera kunyumba.