Bambo akufuna udzatchedwe loya, iwe mtima uli pa mayina a mafumu a ku Roma

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa chaka chachitatu ku yunivesite, amene akuphunzira mbiri yakale ndi Chilatini. Akufuna kuti kafukufuku wake wa chaka chomaliza adzakhale wa mayina aulemu amene Aroma ankapatsa mafumu ndi akuluakulu a m'mizinda. Bambo ake atamva anapsa mtima: "Ndinagulitsa fodya kuti uziwerenga za anthu akufa? Anzako azidzatchedwa loya, iwe azidzakutcha ndani?" Mtsikanayu akufunsa ngati asinthe maphunziro. Akuwonjeza kuti Chilatini chikumuvuta moti akuganiza zochisiya, komanso kuti akulakalaka kudzagwira ntchito kunyumba yosungira zinthu zakale ku Rome.

Makalata otere ndawawerenga ambiri, ndipo amanditopetsa. Ndiyambe ndi inu bambo. Thukuta lanu ndikulilemekeza, koma mwana wafika chaka chachitatu ndipo akukhoza bwino. Mukamuzula pano kuti akayambirenso kwina, ndalama ya fodya ija ndiye mwaitaya ndi manja anu. Mukufuna kumugulira dzina loti muzinyadira nalo pamaliro ndi paukwati, pamene iye akufuna kumvetsa chimene anthu amalimbiranira mayina oterowo. Mlekeni amalize.

Tsopano iwe mwanawe. Mutu wasankhawu ndi wabwino kuposa mmene ukuganizira. Pa 16 Januwale 27 BC, nyumba ya malamulo ya Aroma inapatsa Octavian dzina lakuti Augustus, kutanthauza wolemekezeka, wopatulika. Munthuyu anali atagonjetsa adani ake onse, asilikali ali m'manja mwake, koma sanalole kutchedwa mfumu chifukwa Aroma ankadana nalo liwu limenelo, ndipo Julius Caesar anali ataphedwa mu 44 BC pomuganizira kuti akufuna ufumu. Augustus ankadzitcha princeps, woyamba pakati pa nzika. Mu 2 BC anamuwonjezera dzina la pater patriae, tate wa dziko, dzina limene Cicero, mkulu wa boma, anatchedwapo atasokoneza chiwembu cha Catilina chofuna kulanda boma mu 63 BC. Tiberius, wolowa m'malo mwa Augustus, analikana dzinali. Mfumu Trajan anatchedwa Dacicus atagonjetsa anthu a ku Dacia, kumene lero kuli dziko la Romania, kenako mu 114 anamutcha Optimus, wabwino koposa. Mfumu Commodus anafika posintha mayina a miyezi yonse 12 kuti ikhale ndi mayina ake, ndipo anaphedwa kumapeto kwa 192. Pa dzina lililonse ukhoza kufunsa: analipereka ndani, ankafuna chiyani, ndipo wolandirayo anabweza chiyani? Wokula m'dziko limene linali ndi Ngwazi, amene mu 1971 anakhala mtsogoleri wamuyaya, mafunso amenewa sangakhale achilendo kwa iye. Koma usathamangire kufanizira. Yamba wawamvetsa Aromawo mwa iwo okha.

Chimene chandikhumudwitsa n'choti ukufuna kusiya Chilatini. Ayi. Popanda Chilatini kafukufuku ameneyu adzangokhala kukopera zimene ena analemba, ndipo aphunzitsi ako adzazindikira asanamalize tsamba loyamba. Chilatini cha pamiyala ndi pandalama si chovuta ngati cha ndakatulo. Tenga chithunzi cha kandalama ka Trajan, uyang'anitsitse zilembo zozungulira mutu wake. IMP ndi imperator, dzina limene asilikali ankafuulira mtsogoleri wopambana nkhondo. AVG ndi Augustus. P M ndi mkulu wa ansembe. TR P ndi mphamvu ya woteteza anthu wamba, imene mfumu inkalandiranso chaka ndi chaka. COS ndi udindo wa consul, mkulu wa boma wosankhidwa chaka ndi chaka, ndipo nambala yotsatira ikukuuza kuti waugwira kangati. P P ndi tate wa dziko uja. Ukadziwa zidule zochepazi, ukhoza kunena nthawi imene ndalamayo inasulidwa wopanda wokuuza. Ola limodzi patsiku, mpaka tchuthi chithe, zimenezi udzaziwerenga ngati chikwangwani cha pamsika.

Komabe mutu wa mafumu onse ndi waukulu kwambiri kwa wophunzira wa digiri yoyamba, ndipo akatswiri anaupunthapuntha kale. Ine ndikanakonda utembenukire kwa akuluakulu a m'mizinda, makamaka kumpoto kwa Africa. Ku Lepcis Magna, m'dziko limene lero ndi Libya, kunali munthu wachuma dzina lake Annobal Tapapius Rufus. Anamangira mzinda wake msika, kenako bwalo la zisudzo cha m'ma 1 kapena 2 AD, zonse ndi ndalama za m'thumba mwake. Mwala wa pabwalopo unalembedwa m'zinenero ziwiri, Chilatini ndi chinenero cha makolo ake cha Chipuniki, ndipo ukumutcha ornator patriae, wokongoletsa dziko lakwawo, ndi amator concordiae, wokonda mgwirizano. Taona munthuyu: dzina lina lakwawo, lina la Chiroma, udindo wake ndi sufes, mkulu wa mzinda pa mwambo wachikale wa Chipuniki, koma akulemekeza Augustus pamwala womwewo. Apa pali nkhani ya munthu wolamulidwa amene akufunafuna malo ake pansi pa ulamuliro wa alendo. Zolembedwa za pamiyala ya m'dera limeneli zili pa intaneti, zaulere, ndi zithunzi zomwe. Sankha miyala 10 kapena 15, uiwerenge wekha, ulembe zimene waona.

Za ku Rome zija, ndikuuze mosabisa. Ntchito za m'nyumba zimenezo amalimbirana ndi anthu a ku Italy komweko, a madigiri atatu, olankhula Chitaliyana chobadwa nacho. Usamangire moyo wako pamenepo. Zimene zili pafupi nawe ndi uphunzitsi wa mbiri ndi zinenero, ntchito yosunga zolembedwa zakale ngati ku National Archives ku Zomba, utolankhani, ndi ntchito za kafukufuku. Masukulu ophunzitsa Chilatini, monga Kamuzu Academy, ndi ochepa kwambiri, ndiye usadalire amenewo okha. Maphunziro a digiri yachiwiri kunja ndi otheka, koma amapita ndi okhoza pamwamba amene ali ndi pepala labwino loti aonetse. Zamalamulo nazonso sizithawa, ukhoza kudzaziyamba uli ndi digiri m'manja.

Tchuthi chikubwerachi, pita kumudzi ndi chithunzi cha mwala wa Annobal uja. Ukakhale pansi ndi bambo, uwawerengere mzere ndi mzere m'Chichewa, uwauzenso ntchito ziwiri zimene udzafunsire ukamaliza. Ukabwerako undilembere, ndipo kalatayo idzakhale ndi mndandanda wa miyala imene wasankha.