Kwa achimwene amene mwati onse ndi amodzi, simudzavotanso

Achimwene, mwafunsa kuti ife ena timayang'ana chiyani posankha pulezidenti, ndipo mwanena kuti inu mwatopa, andale onse ndi amodzi, 2030 simukadzivutitsanso kukaima pamzere. Ndawerenga mayankho a anzathu pansipa, ambiri angokutchulirani dzina la munthu wawo. Ine dzina sindikupatsani. Ndikuuzani mmene ndimaganizira, inu mutengepo chomwe chikuthandizeni.

Kutopa kwanuko ndikukumvetsa. Munthu amene wagonapo pamzere wa mafuta, amene waona shuga ndi sopo zikukwera mtengo mwezi ndi mwezi malipiro ali pomwepo, ali ndi ufulu wofunsa kuti voti yake inamupindulira chiyani. Koma zoti kuvota n'kutaya nthawi sindikuvomereza, ndipo mbiri ya dziko lathu lomweli ili kumbali yanga. Mu 1994 Kamuzu Banda, amene analamula zaka 30 ndipo ankatchedwa wamuyaya, anachoka pampando ndi voti. Mu 2014 Joyce Banda ali pulezidenti anathera pa nambala yachitatu. Mu 2020 anagwa Peter Mutharika, mu 2025 wagwa Lazarus Chakwera, Mutharika yemweyo n'kubwereranso. Anthu anayi amenewa anali kale ku nyumba ya boma, galimoto za boma ndi wailesi ya boma zili m'manja mwawo, koma anachotsedwa ndi amayi ogulitsa tomato ndi anyamata a kabaza. Abale athu a ku Mozambique ndi ku Zimbabwe chilandirireni ufulu sanaonepo chipani cholamula chikutuluka m'boma. Ife taziona kangapo.

Ndiye kuchotsa timakutha. Pomwe tidakali ofooka ndi posankha wolowa m'malo. Timapita kukavota titakwiyira amene alipoyo, ndipo mkwiyowo umatiphimba m'maso moti winayo sitimufunsa chilichonse. Akangoti "ine ndikonza", timaomba m'manja. Pakapita zaka ziwiri tayambanso kulira, n'kumati onse ndi amodzi, pomwe sitinakhale pansi kuwasiyanitsa nthawi ilipo.

Ine lonjezo la pamsonkhano ndimalifunsa funso limodzi: ndalama zake zichokera kuti? Tengani nkhani ya feteleza, poti ndiyo imavotetsa anthu kumudzi. Mu 2020 tinalonjezedwa thumba la feteleza pa K4,495, ndipo chaka choyamba anthu anaguladi pa mtengo umenewo. Chaka chotsatira linafika pa K7,500, kenako K15,000, opindula n'kumachepa chaka ndi chaka, uku m'masitolo thumba lomwelo likukwera mpaka kudutsa K100,000. Wina anganene kuti linali bodza chiyambire, wina anganene kuti inasokoneza ndi nkhondo ya Russia ndi Ukraine. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti feteleza ameneyu timamugula kunja ndi madola, mafuta ndi mankhwala a m'chipatala chimodzimodzi, pomwe madola athu ambiri amabwerabe ndi fodya. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa pamsonkhano uja sukanakhala pomwepo. Choncho munthu akanditchulira mtengo wa feteleza, kapena ntchito 1 miliyoni, kapena china chilichonse chaulere, ndimadikira kuti anene chomwe dziko lizigulitsa kunja kuti madolawo apezeke, ndiponso chomwe achidule mu bajeti kuti chaulerecho chilipiridwe. Akalephera kuyankha zimenezo, kaya ndi wa chipani chiti, ndimadziwa kuti akuyankhula zondisangalatsa basi.

Zomwe ndimazikhulupirira kuposa malonjezo ndi mapazi a munthu. Aliyense wofuna mpando umenewu anagwirapo ntchito penapake: anali nduna, anali phungu, anayendetsa kampani, banki, mpingo kapena chipani. Kumeneko anasiyako chiyani? Ndalama zinkasowa ali pomwepo? Womutsutsa ankamumvera kapena ankamuthamangitsa? M'chipani chake anapambana pa msonkhano waukulu mopikisana ndi anzake, kapena anzakewo anawaopseza mpaka anatsala yekha? Amene sapirira kutsutsidwa ndi anthu a m'chipani chake sadzapirira kutsutsidwa ndi inu.

Pali phunziro lina lomwe ndimaliona kuti sitilikamba mokwanira, la Bingu wa Mutharika. Munthu mmodzi yemweyo anatilamula kawiri, koma zinali ngati anthu awiri. Atapambana mu 2004, n'kutuluka mu UDF chaka chotsatira kukayambitsa DPP, mu Nyumba ya Malamulo analibe aphungu okwanira. Otsutsa ankamugwira pakhosi, bajeti inkachedwa chifukwa cha mkangano wa gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lokhudza aphungu osintha chipani, ndipo ankayenera kudzionetsa ndi ntchito. Nthawi imeneyo ndi yomwe anayambitsa makuponi a feteleza, chimanga chinachuluka mpaka tinagulitsako ku Zimbabwe. Mu 2009 anthu anamuthokoza ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, pamodzi ndi aphungu ochuluka oti chilichonse chomwe wafuna chinkadutsa. Zomwe zinatsatira mukuzikumbukira: mbendera inasinthidwa, kazembe wa Britain anathamangitsidwa, mafuta ndi ndalama zakunja zinasowa, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Sindikunena izi ponyoza malemu, zabwino zake zilipo ndipo anthu amazikumbukira. Ndikunena kuti mtsogoleri wopanda womuletsa amasintha, ngakhale atayamba bwino. N'chifukwa chake ine pepala la pulezidenti, la phungu ndi la khansala ndimaliganizira lililonse palokha. Mawu aja oti "mungochonga chizindikiro chomwecho mapepala onse atatu" amapindulira chipani, inu ayi. Phungu amene amadziwa kuwerenga bajeti ndi kufunsa nduna mafunso ndimamuvotera ngakhale ali woima payekha.

Wachiwiri wake ndimamuyang'ananso kwambiri, chifukwa pa pepala lija timachonga anthu awiri. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, amene anatenga dziko ndi Joyce Banda, ngakhale anali atachotsedwa kale m'chipani cholamula, popeza malamulo a dziko amatero. Ambiri mu 2009 sanaganize kuti akusankhanso pulezidenti wa 2012. Ndiye dzifunseni: uyu akatisiya mawa, winayu ndingamupatse dziko? Komanso awiriwa agwirizana pa mfundo kapena angofuna kuphatikiza mavoti a zigawo? Taona kangapo pulezidenti ndi wachiwiri wake akusiya kuyankhulana, ofesi yonse n'kukhala yopanda ntchito koma tikuilipira ndi misonkho yathu.

Kuseri kwa awiriwa kuli gulu lomwe silioneka pa pepala la voti, ndipo ndi limene limayendetsa boma tsiku ndi tsiku. Mutu umodzi susenza denga, ndiye yang'anani amene akukhala kutsogolo pa nsanja. Mukaonapo nkhope zomwe zinali m'boma lapitalo, ndi lapita lija, zangosintha mtundu wa malaya, musayembekezere zachilendo. Mukaonapo anthu oti milandu yawo ya katangale ili kukhoti, funsani kuti akufuna chiyani pamenepo. Cashgate ya 2013 inatiphunzitsa kuti mabiliyoni amatuluka kudzera mwa anthu a m'maofesi ndi makampani onamizira kuti agwira ntchito, ndipo zimatheka pamene akumwamba akuyang'ana kumbali. Funso langa kwa aliyense wofuna mpando ndi lakuti, mnzako wapamtima akadzaba, udzalola bungwe lolimbana ndi katangale la ACB limugwire?

Tsopano za "wakwathu". Nkhani iyi sindiipeputsa, chifukwa anthu amavotera wa kwawo ndi mantha enieni: kuti ntchito za boma, misewu ndi malo a sukulu zipita kwa ena. Mu 1994 mapu a zotsatira anagawika bwinobwino, Chihana kumpoto, Kamuzu pakati, Muluzi kumwera, ndipo chizolowezi chimenecho sichinathe. Koma pitani m'midzi ya ku Kasungu, Machinga, Thyolo, Zomba kapena Lilongwe, maboma omwe anatulutsa atsogoleri a dziko lino. Mukapeza mayi akuyenda mtunda kukatunga madzi, ana akuphunzira pansi pa mtengo, pachipatala akuuzidwa kuti akagule okha mankhwala. Wakwanu akalowa m'boma amadya ndi anthu ochepa omuzungulira, ena nonse mumatsala ndi dzina loti ndinu olamula. Lamulo la 50+1, loti wopambana upulezidenti apeze mavoti oposa theka, latithandizako apa. Kale munthu ankatenga dziko ndi mavoti 36 pa 100 alionse, monga zinachitikira mu 2004 ndi 2014, kutanthauza kuti anthu ambiri sanamufune. Pano wofuna kupambana ayenera kukagogoda m'zigawo zomwe si zake, ndipo ine ndimamvetsera zomwe akuyankhula akafika kumeneko. Amene amanena zina ku Mzuzu, zina ku Mulanje, ndimamuchotsa pa mndandanda wanga.

Za ndalama za pamsonkhano nazo ndinenepo, poti ena pano alemba kuti "idyani ndalama zawo koma votani mwanzeru". Munaonapo mmene zimakhalira. Lole imafika m'mudzi m'mamawa, amayi avala nsalu za chipani, akwera mothithikana. Pabwalo amakhala padzuwa kuyambira m'mawa, mwana kumsana, kudikira bwana amene afike dzuwa litapendeka. Mafumu ayankhula, magule avinidwa, bwana aima mphindi zochepa, theka la mawu ake n'kunyoza mnzake. Pobwerera wapampando wa dera akugawa ma K2,000, mkangano n'kubuka poti ena sanalembedwe. Mayi amene walandira ndalama ija sindimuweruza, kunyumba kulibe ufa. Amene ndimamufunsa ndi wogawayo. Malole aja, mafuta, nsalu ndi ndalama zija analipira ndani? Wabizinesi amene amapereka mamiliyoni pa kampeni sapereka zachifundo, amadzabwera kudzatenga kontirakiti ya msewu kapena ya feteleza, ndipo mtengo wake umakwezedwa kuti abweze zake. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti, ngakhale limalola zinthu monga nsalu ndi malaya a chipani, ndipo limafuna kuti zipani ziziulula amene akuzipatsa ndalama zambiri. Chipani chomwe chikuphwanya lamulo limeneli chisanalowe m'boma chakuuzani kale mmene chidzachitire ndi malamulo ena.

Mwina mungati, nanga akabera? Nkhawa imeneyi ili ndi maziko, tonse tikukumbukira 2019 ndi mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Koma kumbukiraninso mmene inathera. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anakhala tsiku lonse akuwerenga chigamulo, n'kuthetsa chisankho cha pulezidenti, zomwe mu Africa zinali zitangochitikapo ku Kenya mu 2017. Khoti lalikulu la apilo linagwirizana nawo, ndipo pa 23 Juni anthu anavotanso. Umboni womwe unagwira ntchito kukhoti unali mapepala a m'malo ovotera. Mavoti amawerengedwa pomwe mwavoterapo, nthawi zambiri m'kalasi ya pulayimale, mamonita a zipani ali pomwepo, pepala lililonse likukwezedwa kuti onse aone pomwe pachongedwa, pamapeto n'kusainira. Pamalo pomwe mamonita ali maso ndipo atenga pepala lawo la zotsatira, kubera kumavuta. Ngati mumakayikira ndondomekoyi, dziperekeni kukhala monita wa chipani chomwe mukuchikhulupirira kapena wa bungwe loyang'anira chisankho, mukaone ndi maso anu. Mukakhala kunyumba, wobera uja mwamuchepetsera ntchito.

Nanga ngati mwawayeza onse, n'kupeza kuti palibe wokukhutiritsani? Zimachitika, ngakhale mu 2025 pomwe pa pepala panali anthu 17. Zikatero ine ndimasankha amene ndikuona kuti adzalola kuchoka tikadzamukana. Ndimayang'ana mmene amayankhulira za makhoti chigamulo chikamuipira, mmene amachitira ndi atolankhani omufunsa zowawa, ngati amabwera ku mtsutso wa pa wailesi kudzayankha pamaso pa anzake, ndiponso ngati amadzudzula anyamata a chipani chake akatenga zikwanje kapena amangokhala chete. Mu 2002 panali kuyesa kusintha malamulo kuti pulezidenti aziima kopitirira kawiri, ndipo zinakanika mu Nyumba ya Malamulo ndi mavoti ochepa kwambiri, mipingo ndi anthu wamba atakana mwamphamvu. Zikanadutsa, bwenzi lero tikukamba nkhani ina. Wolephera ntchito koma wolemekeza malamulo tingathe kumuchotsa pakatha zaka zisanu. Wophwanya makhoti ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC angatilande ngakhale mwayi womuchotsawo, ndipo apa ndi pomwe andale amasiyana kwambiri ngakhale malonjezo awo atafanana.

Chomwe ndingakupempheni pakadali pano n'chaching'ono. Pezani manifesito ya chipani chomwe chili m'boma, muisunge mufoni, pamodzi ndi zomwe phungu ndi khansala wa kwanu analonjeza. Gawo 64 la malamulo aakulu a dziko lomwe linkatilola kuchotsa phungu nthawi yake isanathe linafafanizidwa mu 1995, ndiye phungu mukhala naye mpaka chisankho china; akabwera kudera mufunseni za ndalama za chitukuko za CDF, kuti zagwira ntchito yanji ndipo anapatsidwa kontirakiti ndani. Pofika 2030 mudzakhala ndi zoyezera zanuzanu, osadalira nyimbo za kampeni kapena mauthenga a pa WhatsApp opanda mwini. Chiphaso chanu cha unzika chisungeni bwino, achimwene, kalembera wa voti akadzayamba adzachifuna.