Akuti wozunza uja watuluka pa belo

Amayi, kalata yanu sindinathe kuiyankha tsiku lomwelo chifukwa inandigunda pachilonda. Kwa ena amene mukuwerenga: mayiwa akuti boma limene linatsekera mlongo wawo popanda mlandu linagwa, mkulu wa apolisi amene ankalamula zimenezo anamangidwa, koma khoti lamutulutsa pa belo ndipo akuyenda ndi maloya ake. Funso lawo ndi lakuti, "Mlongo wanga sanaonepo loya ngakhale woweruza. Bwanji ameneyu osangomutsekera momwe ankatsekera anzake?"

Mkwiyo umenewo ndimaudziwa, ndinakula nawo. Amalume anga anali mphunzitsi. Anabwera kudzawatenga usiku, ine ndili mwana, ndipo chimene chinakhazikika m'mutu mwanga ndi zimene ndinaona m'mawa mwake nditaperekeza mayi anga ku polisi. Wapolisi wa pa kauntala anatsegula buku lalikulu lolembamo omangidwa, n'kumatsitsa chala pang'onopang'ono pa mayina mpaka pansi pa tsamba. Anatembenuza tsamba lina, chala chija n'kutsikanso. Kenako anatseka bukulo n'kunena kuti kuno kulibe munthu wotero. Mayi anali atanyamula juzi ya amalume m'manja. Anabwerera nayo.

Amalume anatuluka patapita zaka, mano ena atatha, osapatsidwa pepala lililonse. Palibe anawauza mlandu wawo powatenga, palibenso anawauza chifukwa powatulutsa. Galimoto ikaima panja usiku ankadzuka n'kuima chilili pakati pa chipinda, mpaka imfa yawo. Zinthu zitasintha kunamveka zoti ozunzidwa alandira chipukuta misozi, ndipo anapita. Anawafunsa umboni woti anamangidwadi. Umboni wanji, poti amene anawamanga anaonetsetsa kuti dzina lisalembedwe paliponse? Tsiku limenelo anabwera kunyumba atakwiya kuposa tsiku limene anatuluka m'ndende.

N'chifukwa chake ndikukuuzani mosazungulira kuti zimene mukupemphazo musazipemphe. Chimene chinawononga amalume anga, chimene chinawononganso mlongo wanu, ndi mphamvu yoti munthu atsekeredwe popanda dzina m'buku, popanda woweruza, chifukwa choti wina wamkulu wafuna. Boma latsopano mukalilola kugwiritsa ntchito mphamvu imeneyo pa munthu amene mukudana naye, ndiye kuti chikoti chija sichinathyoledwe, changosintha dzanja. Ndipo dzanja latsopanolo silidzachiika pansi likathana ndi mdani wanuyo.

Taonani ku Zimbabwe. Mu 1965, dzikolo likadatchedwa Rhodesia, boma la azungu la Ian Smith linalengeza kuti dziko lili pa ngozi kuti lizitsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Robert Mugabe mwiniwake anakhala m'ndende zaka pafupifupi khumi. Atatenga boma mu 1980 sanachotse lamulolo, anapitiriza kuliwonjezera nthawi mpaka 1990, ndipo m'zaka zimenezo ndi mmene anthu zikwizikwi anaphedwa ndi asilikali a boma m'dera la Matabeleland. Lamulo lina la atsamunda la 1960, Law and Order (Maintenance) Act, linakhalapo mpaka 2002. Ku Liberia mu April 1980, Samuel Doe atalanda boma, akuluakulu 13 a boma lakale anamangirira pa mitengo m'mbali mwa nyanja ku Monrovia n'kuwawombera, khamu likukuwa mokondwera. Zaka khumi zotsatira anthu a ku Liberia anaziona, ndipo Doe nayenso anafa imfa yozunzidwa mu 1990, osaonekera m'khoti.

Koma musandimve ngati ndili kumbali ya aja amati tiiwale zakale, tiyang'ane kutsogolo. Amenewo ndiye amandikwiyitsa koposa. Kawirikawiri wonena mawu amenewa ndi munthu amene kwawo sikunasowe aliyense, kapena amene ali ndi zake zoti zibisike. Kukhululuka ndi kwa wozunzidwa, akafuna, pa nthawi yake. Nduna ilibe ufulu wokhululuka m'malo mwa mlongo wanu. Ndipo ndaona kuti andale atsopano amakonda kumanga anthu awiri atatu otchuka, makamera ali pompo, kenako mafayilo n'kugona, mboni n'kumwalira, mlandu n'kufera m'njira. Belo sindiye vuto, amayi. Belo ndi lonjezo loti munthu adzabwera kukhoti. Chimene muyenera kuopa ndi mlandu wosakonzedwa bwino, woti woweruza wachilungamo sangachitire mwina koma kumumasula.

Anthu amatamanda kwambiri komiti ya choonadi ndi kuyanjanitsa ya ku South Africa, yofufuza nkhanza za nthawi ya tsankho, imene Desmond Tutu ankatsogolera kuyambira 1996. Inachitadi zazikulu: anthu oposa 21,000 anapereka umboni, ndipo mwa anthu oposa 7,000 amene anapempha chikhululukiro, 849 okha ndi amene anachilandira. Pangano linali lakuti wokana kuulula kapena wokanidwa chikhululukiro adzazengedwa mlandu. Milandu pafupifupi 300 inatumizidwa kwa oimira boma, ndipo yambiri sinapite patali. Ozunzidwa anapatsidwa ma rand 30,000 kamodzi kokha. Banja la Ahmed Timol, wolimbana ndi tsankho amene anafera m'manja mwa apolisi mu 1971, linadikira mpaka 2017 kuti khoti linene kuti sanadziphe, anachita kuphedwa. Komiti payokha, popanda khoti pambuyo pake, imasiya anthu atalira pagulu basi.

Pamenepa pali nkhani ya oweruza, imene imandivuta ndithu. Ambiri mwa iwo ndi omwe aja ankayang'ana kumbali boma lakale likamazunza anthu. Mtima umafuna kuti onse achotsedwe tsiku limodzi. Koma pulezidenti amene angathe kuchotsa oweruza onse lero angathenso kuchotsa amene adzamuweruze mawa. Ku Kenya, malamulo oyendetsera dziko a 2010 atabwera, anakhazikitsa bungwe lofufuza woweruza aliyense payekha, kumva madandaulo a anthu ndi kumulola kuyankha, ndipo ena anachotsedwadi. Njira imeneyo ndi yochedwa, koma ndi yokhayo imene ndingaivomereze.

Zimene zinatheka kwina

Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo ku Argentina zinaonekadi. Asilikali atachoka m'boma mu 1983, komiti imene pulezidenti watsopano Raúl Alfonsín anakhazikitsa inalemba mayina a anthu pafupifupi 9,000 amene anasowetsedwa. Mu 1985 Jorge Videla, amene anatsogolera boma la asilikalilo, anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Kenako andale anachita mantha, anakhazikitsa malamulo oteteza asilikali, ndipo mu 1990 pulezidenti Carlos Menem anamukhululukira Videla. Amayi a osowa aja sanasiye kuzungulira pa bwalo la Plaza de Mayo mu likulu la dzikolo Lachinayi lililonse atavala mipango yoyera. Mu 2005 khoti lalikulu linathetsa malamulo oteteza aja, Videla anaweruzidwanso mu 2010, ndipo anafera m'ndende mu 2013.

Koma nkhani imene ndikufuna muisunge ndi ya ku Chad. Hissène Habré analamulira kuyambira 1982 mpaka 1990, n'kuthawira ku Senegal. Munthu wina amene anapulumuka m'ndende zake, Souleymane Guengueng, anayamba kuyendera anzake ozunzidwa ndi mabanja a omwalira, kulemba dzina, tsiku ndi malo, mpaka anasonkhanitsa maumboni mazanamazana n'kuwasunga. Mu 2001 ofufuza a bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch anapeza mapepala a apolisi achinsinsi a Habré atamwazikana pansi m'maofesi osiyidwa ku N'Djamena, likulu la Chad, ali ndi mayina a anthu 1,208 amene anafera m'manja mwawo. Pa 30 May 2016 khoti lapadera ku Dakar, ku Senegal, linagamula Habré kukhala m'ndende moyo wake wonse. Habré anali ndi maloya, anachita apilo, analuza. N'chifukwa chake lero palibe anganene kuti anangomukonzera chiwembu. Amalume anga akanapeza munthu ngati Guengueng, bwenzi dzina lawo lili penapake.

Tsono inu chitani izi. Khalani pansi ndi mlongo wanu, ngati angathe kulankhula, mulembe zonse: tsiku limene anatengedwa, malo onse amene anasungidwa, mayina kapena maudindo a omwe anamugwira, anzake a m'selo. Zipsera zijambulidwe, dokotala alembe lipoti. Mapepalawo akhale ndi makope kwa anthu osiyanasiyana. Pezani mabanja ena, chifukwa woimira boma pa milandu amanyozera munthu mmodzi koma gulu amaliopa. Kaperekeni umboni ku bungwe loona za ufulu wa anthu la m'dziko lanu kapena kwa maloya othandiza mwaulere, ndipo mufunse ngati mlongo wanu angakhale mboni komanso chitetezo chimene angapatsidwe. Ngati mkulu wa apolisi uja akuopseza mboni, kanenezeni msanga, chifukwa chimenecho ndi chifukwa chokwanira choti khoti limulande belo. Tsiku la mlandu likafika mukakhale m'khotimo. Ndipo phungu wanu mukamufunse ngati lamulo limene anatsekera nalo mlongo wanu lafafanizidwa kapena likadali m'mabuku.