Ndege yakusiyani, wa pakauntala akuti palibe chomwe angachite

Mayi wina wanditumizira imelo mtima uli m'mwamba. Ndege yawo yoyamba inanyamuka mochedwa, atatera anapeza yachiwiri itapita kale, ndipo mtsikana wa pakauntala anangowauza kuti palibe chomwe angachite. Akufunsa ngati mtsikanayo ankanama kapena unali mwano chabe.

Mayi, mzere umenewo nanenso ndinaimapo. Unali usiku, pabwalo lalikulu lomwe ndinkayenera kungosinthirapo ndege. Anthu otsika ndege ziwiri tinaunjikana pamzere umodzi, makauntala ena onse ali mbee, wogwira ntchito mmodzi yekha. Bambo wina patsogolo panga ankamenyetsa pasipoti yake patebulo, misempha ya m'khosi itatuluka. Mtsikanayo anali atapanira foni ndi phewa, akudikira kuti likulu la kampani yake yomwe limuyankhe, koma kunali zii. Nthawi yanga itakwana, anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha: malo osinthira tikiti anali otsekedwa, chilolezo analibe. Anandipatsa kapepala kogulira chakudya pomwe malo odyera onse anali atatseka. Ndinagona pabenchi nditatsamira chikwama, ndipo kutacha ndinamuona akadali pomwepo, maso ali psuu.

Ndiye sindikukhulupirira kuti wanuyo ankanama. Vuto lanu linayambika m'mamawa, mwina kumzinda womwe simunapondeko. Ndege imabweretsa ndalama ikakhala m'mwamba, ikaima pansi imangodya. Mu 1972 kampani ya Southwest Airlines ya ku America inagulitsa imodzi mwa ndege zake zinayi, n'kuganiza zoyendetsa maulendo omwewo ndi zitatu zotsalazo. Njira yake inali yoti ndege ikatera, inyamukenso pakatha mphindi 10. Makampani otchipa anatengera nzeru imeneyi, Ryanair imadziwika ndi mphindi 25. M'kanthawi kameneko anthu atsike, m'kati asese, mafuta athire, katundu atsitse, wina akweze. Ndege imodzi imayenda maulendo angapo patsiku, choncho kuchedwa kwa m'mawa imakunyamula mpaka usiku. Kuonjezera apo malamulo amaika malire a maola omwe oyendetsa ndege angagwire ntchito. Maolawo akatha, ndege ilipo, mafuta alimo, koma woiwulutsa palibe.

Pamene pamandiwawa ndi apa. Akuluakulu a makampaniwa zonsezi amazidziwa. Kupanikiza ndondomeko ya maulendo mosasiya mpata ndi chisankho chawo, kuchepetsa anthu a pakauntala ndi chisankho chawonso, kenako amaika mwana wa eni patsogolo kuti alandire matemberero athu, mphamvu atam'landa. Ndipo asamanamizire nyengo nthawi zonse. Mu Disembala 2022 chimphepo cha chisanu chinasokoneza makampani ambiri ku America. Ena anadzuka msanga, koma Southwest yomwe ija inalepheretsa maulendo oposa 16,000 chifukwa makompyuta ake ogawira ntchito analephera kulondola komwe oyendetsa ndege ndi anzawo ali. Chaka chotsatira boma linailipitsa chindapusa cha madola 140 miliyoni. Chimphepo chinali chimodzi kwa onse.

Nanga zija za kampani ya ndege ya United mu Epulo 2017 ku Chicago, pomwe munthu wolipira tikiti anakhwekhwerezedwa kutuluka m'ndege? Kampaniyo inkafuna mipando ya antchito anayi oti akagwire ntchito kuchokera kumzinda wa Louisville. Papepala nkhaniyo inali yomveka, kupulumutsa ulendo wa mawa. Ine ndimati kampani ikafika poona munthu ngati chopinga pa ndondomeko yake, yaiwala yemwe amaidyetsa. Ngakhale mawu akuti "yafika pa nthawi yake" musamawameze onse, chifukwa m'mawerengero awo ndege yochedwa mphindi zosakwana 15 imawerengedwa kuti sinachedwe. Kwa inu amene mukuthamangira geti ya kutali, mphindi 14 ndi ulendo wonse.

Nanga muchite chiyani?

Onani kaye tikiti yanu. Ngati maulendo awiriwo munagula pamodzi pa nambala imodzi, ndi udindo wa kampani kukukwezani ndege ina osalipiranso. Ngati munagula padera, kampani yachiwiri imangoti simunabwere. Ngati munanyamukira m'dziko la European Union, kapena munkapita kumeneko pa ndege ya kampani yakonko, lamulo la 261/2004 limapereka chipukuta misozi cha mayuro 250 mpaka 600 mukafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa, pokhapokha chifukwa chikhale choposa mphamvu za kampani, monga nyengo yoipa. Kwina konse, pa maulendo ambiri a pakati pa mayiko, pangano la Montreal la 1999 limakulolani kuitanitsa zomwe munawononga chifukwa cha kuchedwako. Sonkhanitsani malisiti ndi kapepala kokwerera ndege (boarding pass), lemberani kampaniyo kalata yotchula tsiku, nambala ya ndege ndi ndalama zomwe mukufuna, ndipo akakukanani koyamba lembaninso.