Funsani Azakhali: Mwana wakwanitsa chaka, kodi ndisiye mkaka wa m'chitini?

Azakhali,

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimakhala ku Rosettenville mu mzinda wa Johannesburg ku South Africa ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton. Mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi 13. Ndinamuletsa kuyamwa msanga chifukwa cha ntchito, ndiye wakhala akumwa mkaka wa m'chitini. Panopa malipiro akungothera m'zitinimo. Abwana anga akuti ndigule wa nambala 3, wa m'chitini wopangidwira ana opitirira chaka. Apongozi kumudzi akuti mkaka wa ng'ombe umatsegula ana m'mimba. Mayi amene amandisungira mwana masana akuti ana awo onse anakulira Cremora. Ndimvere ndani?

Mayi wa ku Rosettenville

Mayi a mwana,

Pa anthu atatu mwatchulawo, amene andidetsa nkhawa ndi omalizawo, ndiye ndiyambira kwa iwo. Cremora ndi Ellis Brown si mkaka. Ndi ufa wa mafuta a zomera ndi zotsekemera, wopangidwira kuyeretsa khofi ndi tiyi. Zomanga thupi ndi kashiamu wolimbitsa mafupa, zimene mwana amafuna mu mkaka, mulibemo zokwanira. Mwana amakhuta, amagona, nthawi zina amaoneka ngati wanenepa, pomwe thupi likunyentchera. Kondensi nayenso ayi, ali ndi shuga wochuluka kwambiri. Mawa pomusiya mwana mukalankhule nawo bwinobwino mayiwo, ndipo mkaka wa tsikulo muziwasiyira nokha kuti pasakhale zoyerekeza.

Tsono funso lanu lenileni. Inde, mwana akakwanitsa miyezi 12 akhoza kumwa mkaka wa ng'ombe wa m'sitolo, ndipo anamwino a ku sikelo kuno akuuzani zomwezo. Asanafike chaka timauletsa chifukwa uli ndi ayironi wochepa kwambiri ndipo umalemetsa impso za khanda. Wanuyu wadutsa pamenepo. Abwana anu akufunirani zabwino, koma wa nambala 3 si wofunikira kwa mwana amene akudya bwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kale kuti mikaka yotsatirayi ana saifunikira, ndipo ina imakhala yothiridwa shuga. Ndalama imeneyo ndi bwino igule mazira ndi nyemba.

Za apongozi ndinene chonchi: mkaka wa m'chitini umene mdzukulu wawo wakhala akumwa miyezi yonseyi unapangidwa kuchokera ku mkaka wa ng'ombe womwewo. Ngati sunamuvutepo, n'kovuta kuti wa m'paketi umuwenge. Mantha awo ali ndi pochokera, chifukwa kumudzi mkaka wongokama kumene, wosaphitsa, umadwalitsadi ana. Wa m'sitolo umakhala wophedwa kale tizilombo. Wogulitsidwa mwapadera m'zigubu, wosadziwika kumene wachokera, muuphitse kaye kapena muusiye.

Pogula yang'anani mawu akuti full cream, kutanthauza wosachotsedwa mafuta. Wa low fat kapena fat free udikire mpaka mwana apitirire zaka 2, pakuti ubongo wake ukufuna mafutawo panopa. Ngati m'chipinda chanu mulibe firiji, kapena magetsi amazima pafupipafupi, tengani wa long life. Usanatsegulidwe umakhala miyezi pa shelefu, koma mukangoutsegula umawonongeka ngati wina uliwonse, choncho gulani paketi yaing'ono yoti ithe tsiku lomwelo. Wa ufa nawo ndi wabwino, bola pakhale polembedwa full cream milk powder, osati creamer kapena blend. Amasi, chambiko chathu chomwe chija, mupatseni ndithu.

Ana ena amangolandira tsiku loyamba lomwe. Akakana chifukwa cha kakomedwe, konzani wa m'chitini monga mwa masiku onse, kenako muthiremo wa ng'ombe pang'ono. Pakapita masiku awiri kapena atatu muziwonjezera, mpaka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri watsala wa ng'ombe wokha. Muutenthetseko pang'ono chifukwa anazolowera wofunda. Shuga musathire, ngakhale alire.

Pamene amayi ambiri amaphonya ndi pa muyezo. Poona kuti mkaka watsika mtengo, amangomudzazira botolo tsiku lonse. Makapu awiri patsiku, pafupifupi 500 ml, ndi okwanira. Mwana womwa lita yathunthu amakana nsima, ndiye magazi amayamba kuchepa m'thupi chifukwa ayironi sakumupeza. Mumamuzindikira ndi kuyera kwa zikhatho ndi m'kati mwa zikope, kufooka, ndiponso kudya dothi. Pa msinkhu umenewu mkaka uli ngati ndiwo chabe, nsima yake ndi chakudya cha pa mbale. Muziyamba kumupatsa chakudya, mkaka ubwere pambuyo.

Chakudyacho sichifuna ndalama zambiri. Ziwindi za nkhuku n'zotsika mtengo kuno, ndipo kamodzi pa sabata zikwanira. Dzira, nyemba zophwanya, usipa wosinja wothira m'phala, bonongwe amene anzathu kuno amagulitsa ngati morogo, phala la nsinjiro kapena la chiponde. Ufa wa chimanga wa m'masitolo a ku South Africa umathiridwa ayironi ndi mavitamini mwalamulo kuyambira 2003, ndiye phala lake lili ndi phindu. Kachidutswa ka lalanje kapena phwetekere pa chakudya kamathandiza thupi kuyamwa ayironiyo. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza. Ndikudziwa kuti kwathu mwana akalira timamugawira wa m'kapu mwathu, koma uyu mum'patse madzi.

Botolo nalo likhale likuchoka. Yambani ndi la masana, muzimumwetsa pa kapu, la usiku lichoke pomaliza. Kugona ndi botolo m'kamwa kumawoletsa mano a kutsogolo.

Chimbudzi chikhoza kuuma pang'ono masiku oyamba. Madzi, papaya ndi masamba zimakonza. Koma mukaona zidzolo thupi lonse, kutupa milomo kapena maso, kusanza kosalekeza, magazi m'chimbudzi kapena kubanika, siyani mkakawo n'kuthamangira ku chipatala. Ndipo ngati mwana ankamwa mkaka wapadera wolemberedwa ndi dokotala, kapena wa soya, musasinthe musanafunse.

Ku sikelo musasiye. Tengani kabuku kake ka Road to Health akamuyeze kulemera, ndipo muone ngati analandira katemera wa chikuku, vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba a pa miyezi 12. Ena mumaopa kuti akufunsani mapepala kapena ndalama. Mu 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 6 azithandizidwa mwaulere m'zipatala za boma, posayang'ana dziko limene achokera. Mwana wanu ali m'gulu limenelo.

Azakhali